Mitima Isanu ndi Itatu

Asiatu anakoka ulusi, mtima wofiira wa pashawelo n'kuyamba kumasuka. Ankaluka mtima umodzi mwezi uliwonse wa mimba yake. Inangokwana isanu ndi itatu.

Khanda linalira kamodzi kokha, basi. Atapempha kuti alikulunge m'shaweloyo, apongozi anakana: "Sanda imakhala yoyera, mwanangu. Zofiira sizipita kumanda."

Yunus, mwamuna wake, analowa dothi lakumanda likadali kumapazi. Ndi yemwe ankamuseka kuti shawelo yamabowo chonchi, bola akaphere usipa ku Nkope.

"Mayi a mwana, mukundiwonongera ukonde wanga," anayesa nthabwala, koma iye yemwe sanaseke.

Asiatu anapitiriza kukoka. Yunus anagwada n'kumugwira dzanja.

"Siyaniko umodzi. Ngakhale chithunzi chake tilibe."