Mkono wosungidwa ngati dzira

Nkhani iyi anandiuza ndi Radhamés, dalaivala wa minibasi ya ku San Pedro de Macorís, tsiku lina tayala litatiphulikira pakati pa minda ya nzimbe. Akuti paunyamata wake anali wowakha mpira pa besibo, masewera oponya kampira kuti wina akamenye ndi chibonga, pa sukulu ina ya timu yaikulu ya ku Amereka, sukulu zija zolera anyamata mpaka akhwime kenaka n'kuwatumiza kutsidya. Umboni wake unali chala chamkombaphala, chopindika ngati mbedza.

Pa sukulupo panali kochi wa oponya mpira, Don Eulogio, bambo wa mimba yake ndi chikhulupiriro chimodzi: woponya wamanzere ndi golide. Oponya ndi lamanja ali mbwee ngati nzimbe. Koma wamanzere, ngakhale aonde chotani, matimu amamulimbirana, chifukwa mpira wake umabwerera mbali imene omenya sanaizolowere. Ndiye mnyamata wina dzina lake Wascar atafika pageti ndi amalume ake, amalumewo n'kunena kuti "wamanzeretu uyu", Don Eulogio sanafunse zambiri. Anakalumbira kwa mabwana kuti mwanayu akalephera kukwera timu yapamwamba, amuchotse ntchito iyeyo kochiyo.

Vuto linali liwiro. Kamakina koyezera mpira kankaonetsa 82, pamene kutsidya amafuna 90 kupita m'mwamba.

Don Eulogio anaika lamulo. Mkono wamanzere ndi woponyera basi. Kudya, kutsuka mano, kunyamula chikwama, ngakhale kuingitsa ntchentche, zonsezo ndi ntchito za dzanja lamanja. Ndipo akangomaliza kuponya, mkonowo uzikulungidwa mu ayezi kuyambira paphewa mpaka m'zala.

Amanzere ena pa sukulupo anavutika nalo lamuloli. Nyemba zinkathera pamalaya. Wascar ayi. Supuni yake inkafika kukamwa osataya ndi njere imodzi yomwe ya mpunga. Tindevu take ankameta bwinobwino osadzicheka.

"Mukuona mwambo, mbuzi inu?" Don Eulogio ankatero m'chipinda chodyera, akumuloza Wascar. "Dzanja lachilendo, koma mwana waliweta ngati galu. Kumvera kumeneku!"

Wascar ankangoweramitsa mutu. Sanali wolankhula.

Anamudyetsa nthochi zophika m'mawa, nthochi zokazinga masana, nthochi zosinja madzulo, pakuti kumeneko aliyense amadziwa kuti mphamvu ya woponya ili mu nthochi. Masaya anatuluka. Kamakina kanakwera kufika pa 83.

Tsiku losankha opita kutsidya linafika. Kunabwera bwana wa timu kuchokera ku Amereka, a Hollis, mzungu wofiira ndi dzuwa, naima kuseri kwa Radhamés kamakina kali m'manja. Wascar anavala golovesi yake kudzanja lamanja monga amachitira amanzere onse, nayamba kuponya. 84. Don Eulogio anadzilemba mtanda. 83. Don Eulogio anayang'ana kumwamba. 84.

A Hollis anapukusa mutu. Nkhani inathera pomwepo.

Chizolowezi sichimva kuti ntchito yatha. Don Eulogio anabwera ndi matumba a ayezi, nakulunga mkono wamanzere uja mosamala ngati akuika maliro, mpaka unauma gwa ngati mtengo.

"Mwanawe, pita ukalongedze. Nanenso ndikukalongedza. Golovesiyo ndi ya sukulu, uisiye."

Wascar anaigwedeza golovesi ija mpaka inagwa pansi. Anatola mpira umodzi, woti akaonetse kwawo kuti anafikako, nauyamba wa kugeti.

Radhamés, pakamwa pake posatseka chibadwire, anakuwa ali chinjutire pamalo pake.

"Aise, Nthochi! Mpirawonso ndi wa sukulu! Ukufuna ukagendere mango? Ndi liwiro lakolo mango apsa okha n'kugwa mpira usanafike! Bweretsa kuno, kapena ndikutumizire njinga?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Wascar anaima. Anatembenuka, nauponya.

Phaa! Mbalame zinabalalika m'nzimbe. Radhamés anapezeka ali chagada, miyendo m'mwamba, atagwira chala chija, akuitana amayi ake. A Hollis anayang'ana kamakina kamene anali asanazimitse, nakagogoda ndi chala, nakayang'ananso. 97.

Don Eulogio anathamanga, mimba ili patsogolo. Anayang'ana mkono wa mu ayezi uja. Unali chikulungire.

"Iwe! Waponya ndi dzanja liti?"

"Langa, akochi. Lobadwa nalo. Amalume anati pageti panu mumalowetsa amanzere okha, ndiye anandiphunzitsa kuponya ndi lamanzereli."

"Nanga miyezi yonseyi osanena bwanji?"

"Munati lamanja ndi lodyera."

Akuti Wascar anakwera ndege mwezi womwewo, ndipo Don Eulogio anatsala pa ntchito, akuuza aliyense kuti iye anadziwa kalekale, ankangolipumitsa dzanjalo.

Ine ndayenda, ndamva zambiri, koma iyi sindiikhulupirira. Radhamés atapita kukakonzetsa tayala, kondakitala wake anandinong'oneza kuti chala chija anachipana ndi chitseko cha minibasi yomweyo, ndipo amene anatseka chitsekocho ndi iyeyo kondakitalayo.