Singano ya Azakhali Zakiya

"Dzino lagolidili ndi la ndani, Nermin?" anafunsa Azakhali Zakiya, akumulozetsa foni ya Umm Hany, mnansi wawo.

Nermin, mwana wa malemu mchimwene wawo, ankajambula nthano yazithunzi ya pa intaneti ya apolisi osaka amatsenga mu Alexandria. M'gawo lomaliza apolisiwo anamanga mfiti yaikulu, mayi yemwe ankawaphikira tiyi. Dzino, chipsera, mpango wamaluwa, zonse za Azakhali. Msewu wonse unali utaona kale, moti wogulitsa buledi anawapatsira patali.

"Nthano zotere zimatero, Azakhali. Woipa amakhala amene aliyense amamukhulupirira."

"Nanga chidole changa chapepala chomwe wajambula apa? Ndimachibaya ndi singano, nkuchiwotcha, utsi wake nkukufukiza kukuteteza ku maso anjiru, iwe kamphuno ka batani, lero chasanduka umboni wa ufiti?"

"Komatu anthu achikonda!"

Lachisanu Azakhali anadula chidole china monga mwa nthawi zonse, nayamba kubaya akutchula anthu a maso anjiru. "Diso la Umm Hany. Diso la wogulitsa buledi."

Nermin anamwetulira, naweramitsa mutu kudikira utsi wake.

Singano inabayanso. "Diso la Nermin."

Anachiwotcha, utsi nkudzifukizira okha.