Mlonda wa Ndege

"Madala, talowani muone zimene mwakhala mukuferapo ndi chisanu!" anaitana bwana wamkazi wa pamakina oonera nyenyezi.

Madala analowa akupapasa chitseko mobisa. Ntchito yawo inali kuima panja makinawo akamalasa kumwamba ndi leza, kuwala kolunjika kojambula nyenyezi yabodza imene galasi la makinawo limadziwongolera nayo kuti mpweya usasokoneze zithunzi. Ndege ikatulukira, iwo ankadina batani, kuwalako n'kuzima, kuopera kuchititsa khungu woyendetsa. Koma ng'ala inali itawadya maso onse awiri, ndipo ndege ankazionera m'makutu. Kuulula kukanakhala kutsanzika ntchito.

"Dzana chithunzi chinali chimbuuzi chimodzi, lero ndi nyenyezi ziwiri," anatero bwanayo.

Madala anawerama mpaka mphuno kugunda kompyuta.

"Ha! Mapasa enieni, bwana! Yakumanzereyi ndi apongozi anga ndithu, kuwala kuli apo, ukali uli apo."

Palibe anaseka.

"Madala," bwanayo analankhula chapansipansi, "chithunzi chili kumbuyo kwanuku. Mukuyamikirayo ndi ndandanda ya olondera mawa, ndipo dzina loyamba ndi lanu."