Makina awiri odikirana

Panali munthu wina ku Rumphi, dzina lake Watipaso, katswiri wa makompyuta. Luso anali nalo ndithu, koma makutu analibe.

Bungwe lina linamupatsa ntchito yolumikiza pa intaneti mapulogalamu awiri: ya pa kachipatala kawo ka kumudzi cha ku Mwazisi, ndi ya ku ofesi yawo yotumiza ambulansi. Mnzake wa pantchito, Mtende, anamuchenjeza.

"Achimwene, awiriwa khalidwe lawo ndi losiyana. Ya kuchipatala ikapempha ambulansi imadikira kumva kuti 'talandira' isananene komwe kuli wodwala. Ya kuofesi siyankha kanthu mpaka itauzidwa malowo. Tiikepo kapulogalamu ka mkhalapakati, tiyese kaye."

"Zimvana zokha zimenezo," anatero Watipaso akutseka laputopu. "Abwana akufuna lero. Yewo chomene ndi malangizo."

Mvula itayamba, mayi ake omubereka analumidwa ndi njoka m'munda wa fodya. Mlongo wake Kezia anawathamangitsira pa kachipatala kaja, koma mankhwala a njoka panalibe. Namwino anadina batani, makina n'kulemba kuti pempho latumizidwa. Woyendetsa lole ina yomwe inabweretsa feteleza anati awatenge, poti amabwerera ku boma. Kezia anakana.

"Ambulansi ili m'njira, adada. Makinawa anakonza ndi alongo anga."

Lole inapita. Mwendo unatupa mpaka m'chiuno, mayi aja n'kuyamba kubanika. Kezia anaimba foni akulira.

"Watipaso, amama akutisiya. Ambulansi yako ili kuti?"

Watipaso anatsegula laputopu. Anapeza mapulogalamu aja ali duu, iyi ikudikira inzake, inzakeyo ikudikira iyi, ngati anthu awiri opatsana ulemu pakhomo wopanda wolowa. Anaimbira dalaivala wa ambulansi, ndipo anamupeza akutsuka galimoto, sakudziwa chilichonse.

"Chonde nyamukani, ndagwira mwendo wanu. Ndi amama anga."

Dalaivala anayesetsa, koma msewu unali matope okhaokha. Ambulansi inafika ndithu. Inanyamula maliro.

Sabata yotsatira Watipaso anakonza kapulogalamu ka mkhalapakati kaja. Akuti ntchitoyo sinamutengere ndi tsiku limodzi lomwe.

Phunziro: Zinthu ziwiri zikalumikizidwa sindiye kuti zamvana. Fufuzani kuti iyambe kulankhula ndi iti, iyankhe ndi iti, ndipo yesani anthu asanaikepo moyo wawo. Mnzanu akakuchenjezani mverani, kuthamanga si kufika. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa onse okonza makina amene anthu amadalira.