Nkhope ya Amayi pa Botolo la Eni

Panali mayi wina, akuti zinachitikadi, amene ankapanga mafuta odzola m'tsitsi. Kasakanizidwe kake anamusiyira ndi malemu amayi ake m'kope, ndipo pa botolo lililonse ankamatapo kapepala ka nkhope ya malemuwo. Mafutawo ankalimbiranidwa.

Mlongo wake anamuchenjeza kangapo. "Achemwali, kalembetseni dzina ndi chizindikirochi ku boma. Masiku ano akuba sakuba nkhuku zokha."

"Iwe, dzina ndinalemba ndi penti pakhoma la shopu. Alipo angazule khoma?"

Tsiku lina kunabwera bambo wa tayi, wolankhula mwaulemu. Anati masitolo akuluakulu akufuna mafutawo, koma ayambe aona zimene amasakaniza. Mayi uja anatulutsa kope lija. Bamboyo anajambula masamba onse pafoni, natenga mabotolo awiri. Mayiyo anachita kumuperekeza mpaka pamsewu!

Patatha miyezi isanu ndi itatu, pashopu panaima galimoto. Munatsika loya ndi apolisi awiri. Makasitomala anathawa osatsanzika.

"Mayi, mukugulitsa katundu wachinyengo," anatero loya. "Dzina ili ndi nkhope iyi zili ndi mwini wake, analembetsa." Anaonetsa chikalata chokhala ndi chidindo, dzina lake la bambo wa tayi uja.

Mayiyo anadandaula: "Koma bwana, awa ndi amayi anga ondibereka!"

"Pepala lanu lili kuti?"

Mayiyo analoza khoma. Palibe anacheuka n'komwe.

"Pofika Lachisanu tikapeza botolo ngakhale limodzi, mukagona m'chitokosi," anatero loya.

Mantha anamugwira zedi mayiyo. Ananyika mabotolo onse m'beseni, n'kuyamba kupala nkhope ya amayi ake ndi mpeni, limodzi limodzi. Galimoto ikangodutsa, mpeni unkagwa m'manja. Panja mlongo wake ankafufuta dzina lija ndi penti yoyera.

Lero mafuta aja alidi m'masitolo akuluakulu. Mayiyo akalowamo amawaona amayi ake akumwetulira pashelefu, iye n'kudutsa chowerama. Amaopa ngakhale kuwaloza.

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi. Dzina la bizinesi yanu, chizindikiro chanu ndi chinsinsi cha kapangidwe kanu ndi chuma choposa katundu ali pashelefu. Lembetsani msanga, ndipo chinsinsi musachionetse mlendo popanda kusainirana. Tumizirani abale onse ochita malonda, wa tayi uja asanawafikire.