Mukandisiye ku Dalmatia

Mayi Arlene ankasenda mbatatesi ngati tsiku lonse ndi lawo. Khoko limodzi lalitali linkatsika pampeni pang'onopang'ono, kenako n'kugwera m'beseni. Chiyambire anali atasenda zinayi zokha.

Janine, mwana wawo woyamba, anawayang'ana n'kubwezera maso pamapu. Mapuwo anadzaza tebulo lonse la m'khitchini. Ili linali Lamulungu lachitatu akuwerama pamapu omwewo, ndipo khosi linkamupweteka. Pawindo panali kabokosi kamkuwa. M'menemo munali phulusa la bambo ake, a Rudy Vukelich, amene mtembo wawo unawotchedwa mwezi wathawo monga anafunira eni ake.

Kakalata kamene bambowo anasiya kanapezeka m'bokosi lawo la mbedza. Kanali ka mzere umodzi: "Mukandisiye ku Dalmatia, pamene phiri limagwera m'madzi."

Ku Steelton, tauni yawo ya ku America, palibe amene angafunse kuti Dalmatia ndi kuti. Ndi gombe lija la ku Croatia kumene makolo a anthu ambiri a m'tauniyi anachokera kudzagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo. Agogo awo a Rudy anachokera komweko. Choncho Janine anapempha tchuthi cha masabata awiri kuchipatala kumene ankagwira ntchito, n'kuimbira mlongo wake Curtis, amene anali asanalankhulane naye kwa zaka zisanu ndi chimodzi, chikanganirane paukwati wa Curtis yemweyo.

Vuto linali phirilo. Pagombelo mapiri ogwera m'madzi ndi ambirimbiri. Curtis anali atazunguliza khumi ndi limodzi ndi cholembera chofiira. Anagwirizana zoyenda gombe lonse pagalimoto, kuwaona onse, ndipo mtima ukawauze.

"Tsiku lachinayi tigona mumzinda wa Split," anatero Janine. "M'mawa mwake tikwera mapiri."

"Tikwera ndi chiyani, achemwali? Magalimoto obwereka kumeneko ndi a magiya. Inu giya munaigwirapo chibadwire?"

"Uziyendetsa ndiwe. Si umadzitama kuti unabadwira m'thiraki?"

"Masiku khumi ndi anayi ine pachiwongolero, inu mukuliza mkonono? Ndiye mukanangolemba dalaivala."

"Dalaivala sakanalongolola chonchi."

Curtis anaseka, koma kusekako kunathera m'kuyasamula. Anatikita maso n'kuloza kachisumbu kena ndi chala.

"Apa pamafunika bwato lowolotsa magalimoto. Tikaliphonya, tsiku lonse lapita."

"Ndiye tichotse phiri lachisanu ndi chiwiri."

"Nanga likakhala kuti ndi lomwelo?"

Funso limenelo linali litabwera kale kakhumi.

"Koma ana inu," anayamba Mayi Arlene.

"Musadandaule, amayi," Janine anawadula osadzutsa mutu. "Maondo anu tikuwadziwa. Maola onsewo m'ndege simungawakwanitse. Tizikutumizirani zithunzi tsiku lililonse."

Mpeni unayambanso kuyenda.

Chimene chinkamuwawa Janine chinali chakuti bambo ake sanauzepo munthu za chilakolako chimenechi. Munthu woopa ndege uja, wopanda n'pasipoti yomwe. Ulendo wawo unali umodzi basi: Loweruka mbandakucha ankanyamula ndodo yowedzera, n'kubwera masana akununkha matope a kumtsinje. Ndodoyo inali idakali kuseri kwa chitseko. Kani zaka makumi asanu ndi awiri zonsezi mtima wawo unali kutsidya la nyanja, kudziko limene sanaliponde? Janine akaganiza zimenezi kutopa kunkachepako, n'kuweramanso pamapu.

Anamaliza kulemba ndandanda ya masiku onse papepala. Anaimirira kuti akaimate pafiriji, koma panalibe malo. Anachotsapo chithunzi chakale cha makolo ake, chija ali achinyamata atakhala pamwala m'mphepete mwa madzi, kumbuyo kwawo kuli phiri la mitengo yothithikana. Anachiika pambali pa beseni la makoko n'kumata pepala lake.

Mayi Arlene anapukuta chala pa epuloni, n'kuchisunthira chithunzicho pouma.

"Tsopano phulusa m'ndege limakwera bwanji?" anafunsa Curtis.

"M'chikwama chapamanja. Kabokosi kamkuwa sakalola, makina awo saona m'kati. Tigula kapulasitiki."

"Bambo m'kapulasitiki ngati nyemba zotsala."

"Usandiyambe, Curtis. Ndatopa."

"Tonse tatopa, achemwali. Gulani matikitiwo tithane nazo."

Janine anatsegula laputopu. Mayina awiri, masiku awiri, lopita ndi lobwerera. Anawerenga kawiri kuti asalakwitse mwezi. Pansi panalembedwa kuti akagula sangabweze. Anayang'ana kabokosi ka pawindo kaja. Dzuwa linali likadali pamwamba, likuwala pachivundikiro chake.

"Ndikudina," anatero.

"Usadine."

Mawuwo sanali okweza, koma onse awiri anatembenuka. Mayi Arlene anali ataika mpeni pansi. M'manja mwawo munali chithunzi chija.

"Masabata atatu ndangokhala duu, chifukwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanakuoneni inu awiri patebulo limodzi. Ndinati asiye azikangana, bola akukanganira m'nyumba mwanga. Koma mwamuna wanga simundiwolotsera nyanja ayi."

"Amayi, analemba okha," anatero Curtis.

Mayi Arlene anaika chithunzicho pakati pa mapu, pamwamba pa mizere yofiira ija, n'kuloza phiri ndi chala chonyowa.

"Dalmatia wa bambo anu ndi uyu. Ndi kamudzi ka dzina lomwelo, ka m'mbali mwa mtsinje wathu womwewu, ola limodzi pagalimoto. N'komwe ankawedza, n'komwenso anandifunsira. Chotsani mapepalawa tidye. Tikanyamuka tikatha kudya, tibwerako kusanade."