Amayamba ndi Yaimuna

Georgina anali atamanga kale zovala zake m'chitenje pamene anamva mwamuna wake Lino akuseketsa ankhoswe pakhonde. Akuluakuluwo anabwera kudzathetsa banja lawo lopanda mwana. Mlandu unali utatha, ankangodikira kuti mvula ikate, ndiye Lino anayamba kuwasimbira za ntchito yake yoweta ng'ona ku Zambezi.

"Yaikazi ikaikira mazira osaswa, adotolo sathamangira kuitaya," anatero Lino. "Amayamba ndi yaimuna. Timaimanga kukamwa, amuna anayi n'kuikhalira pamsana, iwo n'kutenga mbewu yake kukaiunika pa makina. Kawirikawiri wolephera amakhala mkuluyo. Zikatero amatenga mbewu ya ina n'kuthira mwa yaikazi ndi kachubu, basi tiana mbwee."

Ankhoswe anaseka, wina mpaka kutsamwa.

Georgina anadzigwira pamimba, pomwe mphini za sing'anga wa ku Chidzolomondo zinali zisanapole. Kuchipatala cha ku Furancungo anapitako yekha, adotolo n'kumuuza kuti abwere ndi bambo. Bambowo anati mota, njinga yawo yamoto, ilibe gazolina, ndipo sinaipezenso mpaka lero.

Georgina anatuluka n'kugwada pakhomo mwaulemu.

"Bambo, inuyo munakhalirapo ng'ona pamsana kuti aiyeze?"

"Kambirimbiri."

Georgina anatembenukira kwa ankhoswe. "A malume, pano mwakwana anayi. Chingwe chili kukhola."

Palibe anaseka. Lino anasuzumira kumwamba, n'kunena kuti mvula yakata, mayi angathe kunyamuka.